Ndinalira Maliro M'munda wa Mbatata

Nkhani iyi akazi anga amandiletsa kuinena pagulu, koma yandilemera.

Mayi anga atagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, anandipempha chinthu chimodzi: ndikapeze manda a mayi awo, agogo Esinati, ndikalambule. Agogowo anachoka ku Mulanje kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Nachisaka, ndipo anamwalira mayi akadali mtsikana. "Pali mkuyu waukulu kuseri kwa zigafa," anatero mayi. "Pita ndisanatseke maso."

Ndinagula khasu pa Mponela (ine wobadwira ku Kawale, khasu ndinaligwira komaliza kupulayimale) n'kukwera njinga yamoto. Wakabaza anati tiyambe talonjera eni dera. Ndinakana, ati kuthamangira nthawi.

Esiteti inatha kalekale, koma mkuyu ndinaupeza. Chapafupi panali milu ya dothi yondandana, yoyangidwa ndi ziyangoyango zouma. Mtima unandiwawa. Anthu onsewa kuiwalika chonchi! Ndinasankha mulu waukulu (agogo anga sakanagona pa waung'ono), ndinavula chipewa, ndinagwada. Ndinapepesa kuti tachedwa zaka zonsezi. Ndinaimba nyimbo yamaliro, ndime zonse, misozi ili chuchuchu. Kenako ndinayamba kulambula.

Khasu linangoti khe! Potukula, ndinaona chinthu choyera, chodukaduka. Ndinakuwa: "Mayo! Ndathyola fupa la agogo!"

Mayi wina amene ankadutsa ndi nkhuni anatula mtolo.

"Bambo, mukutani ndi mbatata zanga?"

"Mbatata?"

"Nanga mwati n'chiyani? Ndakhala ndikukumvani kuyambira ndime yoyamba ija. Ndimati kapena ndi mapemphero a masiku ano," anatero akuseka.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Nditafotokoza, mayi uja sanasekenso. Anandiuza kuti manda a matenanti anali kutsidya kwa khwawa, opanda chiliza ngakhale chimodzi, ndipo madzi anagumula malowo mpaka palibe angaloze kuti apa pagona uje. Ndikawauza chiyani mayi anga?

"Mwati dzina ndani?" anafunsa mayi uja.

"Esinati, wa ku Mulanje."

Anatola chidutswa cha mbatata chija n'kuchipukuta pachitenje. "Mbewu iyi kuno timaitchula kuti Esinati. Amayi anga ankati anabwera nayo mayi wina wa ku Mulanje, n'kugawira aliyense. Chaka cha njala ndi imene inatipulumutsa."

Ndinalira kachiwiri, ulendo uno mopanda nyimbo. Anandikumbira zodzaza jumbo, ndipo anakana ndalama.

Kuchipatala ndinaulula zonse, za fupa zomwe. Mayi anaseka mpaka kutsokomola, koyamba m'miyezi iwiri. Akazi anga anaphika imodzi. Mayi analuma pang'ono, anatafuna nthawi yaitali, maso ali chitsekere.

"Ndi yomweyi," anatero. "Wawapeza."

Anatisiya patatha sabata.

Safunsa anadya phula, ndikudziwa, ndipo tsopano ndimafunsa. Koma mbewu ija ndinakaitenga, ili kuseri kwa nyumba ku Kawale, ndipo polimira ndimavulabe chipewa.