Nthenga ya a Wapsandani

Munthu akalowa m'nyumba ya mnzake amayamba ndi moni. A Wapsandani ayi. Iwo ankayamba n'kuyang'ana kudenga, ndipo akapeza babu likuyaka dzuwa lili phwee, ankagwira m'chiuno n'kufunsa funso lawo lija: "Wapsa ndani?" Dzina lawo lenileni linafera pomwepo. Ngakhale akazi awo ankawaitana choncho, makamaka akakwiya.

Anali mmisiri womanga nyumba, wamfupi, wadazi, nthenga ya nkhuku ili kukhutu ngati pensulo. Mdadada wa nyumba za lendi umene mayi wina, make mapasa, ankakhalamo anaumanga okha, ndipo eni ake anali iwo omwe.

Tsiku limene make mapasa anasamukiramo, anayatsa getsi kuti aone poika bedi. Asanatembenuke n'komwe, mkulu uja ali tsoo pakhomo.

"Wapsa ndani, mwanangu?"

"Palibe wapsa, bambo. Ana ali bwinobwino."

"Nanga kuwalaku kwachokera kuti?"

"M'waya."

"Waya amabereka? Ameneyo ndi mchira chabe. Mutu uli kutali, kumene akuwotcha mafuta ndi malasha kuti iwe uone mwendo wa bedi. Akawotcha mitolo itatu kumeneko, kuno umafika umodzi, inayo yathera m'utsi ndi m'njira. Tsegula zenera. Dzuwa lokha ndi limene lidavomera kupsa."

Mayiyo anazimitsa, mumtima akuti walowa m'nyumba ya wamisala.

Nyumbazonso zinali zofanana ndi mwini wake. Zipupa zochindikala ngati za ndende, za njerwa zosawotcha, chifukwa iwo ankati njerwa yowotcha ndi manda a mitengo. Malata opakidwa laimu, oyera mbee. Pamwamba pa siling'i anathirapo utuchi wochuluka moti akalipentala a m'deralo anasiya kusesa. Ndiye panali timabowo, tina m'munsi mwa khoma, tina pansi pa denga. Anthu odutsa ankati ndi makola a nkhunda.

Timabowoto ndi timene ankafera. Ankalowa m'nyumba za anthu awo a lendi, n'kugona chafufumimba pansi, n'kuika nthenga ija pabowo. Ikagwedera, ankadzuka akumwetulira. "Ikupuma." Koma tsiku lina make mapasa anatsekapo ndi sanza poopa mphemvu.

"Mwaitseka mphuno nyumba! Inunso ndikutsekeni tione?"

"Bambo, mphemvu."

"Mphemvu idapha ndani? Ikani sefa, osati sanza!"

Sefayo anabwera nayo okha madzulo, akung'ung'udza njira yonse.

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi ndiye anachita zoti anthu sadzaiwala. Mkwatibwi akulowa mu holo, nthungululu zili pakamwa, magetsi onse thii! Anthu anakawapeza a Wapsandani kuseri, ali mu suti, dzanja lili pa switchi yaikulu.

"Mwana wanga ndi wowala kale. Mukumuunikiranji?"

"Bambo inu," anatero akazi awo, "lero lokha, wina apse!"

Anayatsa, koma chakudya sanadye.

Make mapasa ankaseka nawo anthu, koma kuseka kwake kunali ndi polekezera. Mmodzi wa mapasa ake, wamkazi, anabadwa ndi mphumu. Kumene ankakhala kale, nyengo yozizira inkawakakamiza kulowetsa mbaula m'nyumba, ndipo utsi unkamukola mwanayo mpaka milomo kuda. Nyengo yotentha malata ankawaphika ngati mphika wovundikira. Muno munalibe zonsezo. Kukazizira munali mofunda, kukatentha munali mozizirira, ndipo mwana uja anayamba kuthamanga ndi mlongo wake mpaka kung'amba madiresi. Mayiyo sankadziwa kuti utuchi umachita bwanji zimenezi. Ankangodziwa kuti njira ya kuchipatala yamera udzu.

Matenda atawagwira a Wapsandani, make mapasa anapita kukawazonda. Anawapeza akukangana ndi nesi amene ankawalumikiza ku makina a mpweya.

"Amenewa akudya magetsi?"

"Agogo, khalani chete mupume."

"Wapsa ndani kuti ine ndipume?"

"Mupsa ndinu mukapitiriza."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anachotsa nthenga kukhutu n'kumupatsa make mapasa. "Uzikayiyeza nyumba ija. Isadzabanike." Anamwalira mawa lake masana, ndipo anthu pamaliro ankanong'onezana kuti anachita dala, kuopa kuyatsitsa nyali.

Nyumba zinatsalira mwana wawo wamwamuna, munthu waulemu, wamtima wabwino, amene anakula akunenedwa kuti mwana wa m'khola la nkhunda. Iyeyo anaganiza zowalemekeza bambo ake. Anabwera ndi amisiri ndi lole ya simenti.

"Achimwene, timabowoto tisiyeni," make mapasa anamupempha.

"Alongo, bambo anthu awaseka kokwanira. Ndikufuna aliyense akadutsa pano azinena kuti mkulu uja anasiya nyumba."

"Nanga utuchiwo?"

"Zinyalala! Musade nkhawa, aliyense ndimupatsa fani yaulere."

Akanati chiyani, munthu akukupatsa fani? Timabowo anatimata. Utuchi unatsitsidwa m'matumba n'kuwotchedwa kuseri, utsi wake n'kufuka tsiku lonse. Malata anawapaka penti yakuda yonyezimira, mazenera n'kuwakulitsa, magalasi okhaokha moyang'ana kumene dzuwa limalowera. Kunena zoona, mdadadawo unakongola. Anthu anasiya kuseka.

Tsopano magetsi pamenepo amayaka usana wonse, chifukwa makatani amakhala otseka poopa dzuwa, ndipo palibe amene amabwera kudzagwira m'chiuno pakhomo. Mafani amalira nyumba iliyonse ngati njuchi, kuzunguza mpweya womwewo wotentha. Magetsi akathima, anthu amatulukira panja ngati mbewa zofukizidwa. Njira ya kuchipatala ija make mapasa wayambanso kuidziwa mwala uliwonse.

Tsiku lina masana atachokera kumeneko, anamugoneka mwanayo pamphasa, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Anatenga nthenga ija m'kabati, n'kugwada pamene panali bowo, n'kuiika pakhoma. Ankadziwa kuti n'zopusa, koma anadikira ndithu. Nthenga inangoti zii.

Anadzuka n'kuyatsa fani.

Mwana wake wamwamuna, mlongo wa wodwalayo, amene mawu a mkuluyo adawaloweza ngati nyimbo, anagwira m'chiuno, n'kukulitsa mawu kuti amayi ake aseke.

"Amayi, wapsa ndani?"

Make mapasa anayang'ana kudenga, kenako pamphasa.

"Usakuwe, mwanangu," anatero. "Kamubweretsere madzi mlongo wako."