Geti la a Nthawiyakwana

Mumsewu wathu munali munthu mmodzi yekha amene ankalamulira mkazi wake ndi chala chachikulu cha kudzanja lamanja, osachoka pampando. Ameneyo anali a Nthawiyakwana. Dzina lawo lenileni lili pamwala wa kumanda, ndipo likhale komweko. Ife tinkawadziwa ndi mawu amene anawalankhula kwa zaka zambiri pakhomo la fakitale ya zitini, kumene ntchito yawo inali yotsekera panja anthu ochedwa. Amene anagwira nawo ntchito amati ankatseka chitsekocho pang'onopang'ono, kuti wochedwayo achione bwinobwino akuthamanga.

Anapuma pantchito mu Disembala 2019, ndipo kwa miyezi ingapo anali ngati galu wosowa womuuwa. Cholakwa chinachitika pa 9 Meyi chaka chotsatira, tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, pamene mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anawatumizira babu limodzi loyatsa ndi kuzimitsa ndi foni. Mwanayo ankangofuna kuti bambo ake asamavutike kudzuka pabedi. Sanadziwe kuti akusungitsa mbuzi kwa fisi.

Chaka chisanathe, m'nyumbamo munalibenso swichi yogwira ndi dzanja. A Nthawiyakwana anaitana wamagetsi, anazula zonse, mabowo n'kumata ndi simenti. Mababu, ketulo, wailesi, makatani, chotenthetsera madzi osamba, mipope yothirira kapinga, loko wa pageti, zonsezi zinalowa m'pulogalamu imodzi ya pafoni, ndipo chilichonse chinapatsidwa nthawi yake yoyambira ndi yolekera. Foniyo inkatsegulidwa ndi chala chawo chokha.

Ikakwana faifi koloko m'mawa, sipika ya m'chipinda chogona inkalankhula ndi mawu amene iwo anadzijambula okha: "Dzukani. Tulo si ntchito." Kenako makatani ankatseguka, ketulo n'kuyamba kuwira, wailesi n'kuyamba nkhani. Madzi otentha ankabwera kwa nthawi yokwanira munthu wosamba wopanda maganizo. Geti linkatseguka sikisi koloko m'mawa ndi kudzikhoma sikisi koloko madzulo.

Amene anasenza ndondomeko yonseyi anali mayi wa kunyumba kwawo, munthu wofatsa, wosoka zovala. Bafa lawo linayang'ana kumpanda wanga, choncho zimene ndikulembazi ndinazimva ndi makutu anga.

"Bambo, madzi asiya. Sopo ali m'mutu."

"Madzi sanasiye, mayi. Nthawi yanu ndi imene yatha."

"Ndiye ndituluke chonchi?"

"Mawa mudzayambire kumutu."

Alendo nawonso anali ndi batani lawo. Mlendo akakhalitsa, a Nthawiyakwana sankayasamula kapena kuyang'ana wotchi monga achitira anthu aulemu. Ankangogwira foni mwakachetechete, magetsi a pabalaza n'kuyamba kuphethira, geti n'kudzitsegula lonse. Amene analawa kwambiri batani limeneli anali mlamu wawo, mchimwene wa mayi, yemwe tsiku lina anali asanamalize ngakhale kutakasa shuga mu tiyi.

"Geti latseguka, alamu. Likatsekeka ndi mpaka mawa, ndipo bedi la alendo tinalichotsa."

"Tiyiyu nanga?"

"Kapu mudzabweze."

Kunena zoona, msewu wonse unapindula ndi ukapolo wa mayiyu. Wagolosale, amene sitolo yake yayang'anizana ndi getilo, ankatsegula akaona makatani atseguka. Amayi a mumsewumo ankatulutsa ana opita kusukulu mipope ikayamba kuwaza kapinga. Ineyo ndinkakonzera wotchi yanga pa nyali ya pakhonde lawo. Tinkaseka nkhani ya sopo pagolosale, koma panalibe amene anafuna kuti wotchi ya ulere yoteroyo iwonongeke.

Mayi sanapemphe zambiri. Pempho lawo linali limodzi, ndipo analibwereza kwa zaka ziwiri: kuti pulogalamuyo iikidwenso m'foni yawo, kapena apatsidwe kiyi wa geti.

"Sindikupempha nyumba, bambo. Ndikupempha kulowa m'nyumba."

"Mawotchi awiri m'nyumba imodzi amanamizana."

"Nanga tsiku limene mudzagwe, adzatsegule ndani?"

"Ndikadzafuna kugwa, ndidzayamba ndaikira nthawi yake."

Pa 3 Novembala 2022, mng'ono wawo wa mayi anachitidwa opaleshoni. Mayi anakhala kuchipatala mpaka wodwalayo anatsitsimuka, ndipo pobwerera minibasi inawachedwetsa. Ine ndi wagolosale tinawaona akubwera chothamanga, nsapato kumanja, buledi wa bambo m'khwapa. Loko wa pageti analira iwo atatambasula kale dzanja.

Anadina belu. Kamera ya pageti inatembenuka, sipika n'kutsokomola.

"Nthawi ili bwanji, mayi?"

"Mukudziwa kumene ndinali, bambo. Tsegulani."

"Wodwala ali bwanji?"

"Watsitsimuka."

"Ndiye mwachedwa chabe. Ndikatsegulira inu lero, mawa ndidzatsegulira ndani? Geti litseguka mawa sikisi koloko."

Tonse tinkadziwa kuti kutsegula kunkangofuna chala chimodzi kukhudza galasi la foni. Mayi anaima kanthawi akuyang'ana kamera ija. Kenako anavala nsapato zawo bwinobwino, anakonza mpango wa kumutu, anaika buledi pamwamba pa chipilala cha geti, nati, "Mugone bwino." Anapita kwa mchimwene wawo. M'mawa mwake geti linatseguka nthawi yake yeniyeni, koma panalibe wolowa. Buledi uja anadyedwa ndi akhwangwala.

Wina akanapita kukapepesa. A Nthawiyakwana anapita kukagula kamakina kosesa m'nyumba, kozungulira ngati kamba, koyenda kokha. Anakaonetsa pagolosale kasanachoke m'katoni.

"Aka sikachedwa," anatero. "Ndiponso kalibe abale odwala."

"Koma kamasoka mabatani a malaya?" anafunsa wagolosale.

"Ndidzagula malaya opanda mabatani."

Kuyambira pamenepo sankatulukatuluka, ndipo ife sitinawasowe, pakuti nyumba inkawalankhulira. Makatani akatseguka tinkati adzuka. Wailesi ikalira tinkati akumvera nkhani. Nyali ya pakhonde ikayaka tinkati kwada. Mu Januwale 2023, mvula itafika pachimake, munthu wina wa kutchalitchi anafunsa za iwo pagolosale, ndipo wagolosale anayankha ndi mtima wonse kuti, "Ali bwino ndithu. Lero lomwe ndawamva akudzutsa anthu."

Pa 17 Januwale mayi anabwera ndi mchimwene wawo kudzatenga makina awo osokera. Mvula inali ikugwa ngati wina waboola mitambo, choncho anayamba ausa kaye pakhonde la golosale. Kutsidya kwa msewu, mkati mwa mpanda, mipope inali ikuzungulira mokhulupirika, kuwaza madzi pa kapinga amene anali atasanduka dambo.

"Mipopeyi yayamba liti kuthirira mvula ikugwa?" anafunsa mayi.

"Sabata yonseyi, mayi," anatero wagolosale. "Siphonya."

"Bambo osaizimitsa?"

"Mwina akufuna kapinga wonenepa."

Mayi anapinda ambulera yawo pang'onopang'ono. "Munthu wondiyezera madzi a m'mutu sangathirire mvula. Achimwene, pezani chitsulo. Thyolani chitseko."

Anawapeza pabalaza, chagada pansi, dzanja lamanja litatambasukira kutebulo. Foni inali patebulopo, pa chaja, yodzaza bwino, patali pang'ono ndi nsonga ya chala chotchuka chija. Dokotala anati panali patadutsa pafupifupi sabata chimwalirireni. Amene analowa m'nyumbamo amatchulabe zinthu ziwiri. Choyamba sindichilemba. Chachiwiri n'chakuti pansi panali poyera modabwitsa. Kamakina kosesa kaja kankadzuka tsiku lililonse nthawi yake, kuwagunda pang'ono paphewa, kubwerera, n'kusesa mowazungulira. Atawanyamula, pansi panatsala chithunzi cha fumbi cha munthu wotambasula dzanja. Ndiwo malo okhawo m'nyumba yonse amene ndondomeko sinafike.

Vuto limene linatsala linali foni. Mlamu uja, pokumbukira tiyi wake, anadzipereka kupita nayo kumochale. Anapempha wogwira ntchito kumeneko kuti avundukule dzanja lokha, nakanikiza chalacho pagalasi. Foni inakana. Anachipukuta, anachitenthetsa ndi mpweya wa m'kamwa, anayesanso. Inakana.

"Mlongo wanga," anatero pobwera, "amuna akowa ngakhale atafa akuti geti litseguka mawa."

Choncho maliro anayenda pa ndondomeko ya malemu. Pa tsiku loika, dzuwa linawala kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonsewo, ndipo anthu anakhala pa kapinga, abusa ataima pakati. Abusawo atangofika pa mawu akuti malemu anali munthu wosunga nthawi, mipope inadzuka pansi pa mipando. Inanyowetsa abusa, Baibulo lawo, kwaya ndi nkhata zamaluwa. Anthu akuthawa, mayi anadzuka pamalo pawo a ofedwa, anapita kuseri kwa nyumba, natseka mpope waukulu ndi dzanja. Atabwerera anati, "Pitirizani, abusa." Ambiri anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka, ndipo ochokera kutali anaganiza kuti malemu ankakondedwa kwambiri.

Pa 1 Febuluwale wamagetsi uja anabweranso. Anaswa simenti imene anamata yekha, nabwezeretsa swichi m'chipinda chilichonse. Mayi ankamutsata pambuyo, kuyatsa ndi kuzimitsa, kuyatsa ndi kuzimitsa, ngati mwana. Pageti anaika loko wamba, ndipo makiyi anadulitsa ambiri moti ngakhale wagolosale ali ndi wake. Kamakina kosesa anakapereka kwa mng'ono wawo, wodwala uja. Atafika pa sipika ya m'chipinda chogona, wamagetsi ananyamula pulayala.

"Iyi ndidule, mayi?"

"Iyo isiye."

"Izilankhulabetu m'mawa uliwonse. Popanda foni palibe woisintha."

"Ndamva. Isiye."

Msewu wathu tsopano umachedwa. Golosale imatsegulidwa mwini wake akadzuka, ana amathamangira kusukulu malaya ali kunja, ndipo wotchi yanga ndi ya mkazi wanga zasiyana popanda woti atiweruze. Nyali ya pakhonde lija nthawi zina imayaka mpaka masana. Madzi a m'bafa amatha kuyenda nthawi yaitali, wina akuimba. Geti limakhala lotsegula, ndipo agalu amalowa n'kutuluka osafunsidwa nthawi.

Koma ikakwana faifi koloko m'mawa, kukakhala bata, mawu aja amadutsabe mpanda wanga: "Dzukani. Tulo si ntchito." Ndipo pambuyo pake pamabwera mawu ena, odekha, a munthu amene anadikira zaka zambiri kuti ayankhe popanda womuyankhanso: "Dzukani ndinu, bambo."

Mkazi wanga anawafunsa mayiwo tsiku lina ngati akamaliza kuyankhako amabwereranso kutulo. Mayi anaseka, kenako anayang'ana pansi.

"Tulo take tuti, anzanga? Ndimakhala nditadzuka kale, kuwadikira. Ndimaopa kuchedwa."