Digiri Yanga Ili m'Belo

Lolemba

Masiku asanu. Mafomu a digiri yachiwiri ya uphunzitsi atsekedwa Lachisanu, 4 koloko madzulo. Zonse zimatumizidwa pa intaneti. Palibe chochititsa mantha bola munthu ali ndi ndondomeko.

Pa sekondale pathu amalola mphunzitsi mmodzi yekha kupita kukaphunzira. Chaka chino ndi ine. Ndikaphonya apita a Mwale a masamu, ndipo ine ndidikira zaka ziwiri kuti abwere.

Zofunika:
1. Fomu. Ndadzaza.
2. Chikalata cha zotsatira za mayeso. Chilipo.
3. Makalata awiri ondichitira umboni. Imodzi yafika, inayo ahedi alonjeza mawa.
4. Masamba awiri ofotokoza zomwe ndikufuna kufufuza: chifukwa chimene ana a matenanti amasowera m'kalasi nyengo yosankha fodya. Ndakonza katatu.
5. Satifiketi ya digiri yoyamba, kope lake lodindidwa kukhoti.

Nambala 5 ili kwathu ku Kapelula. Bambo anaitenga tsiku lomwe ndinailandira, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Amaisunga yokulunga m'paipi ya pulasitiki, uku ndi uku atatseka ndi zitsononkho, paipiyo itapachikidwa kudenga kuopa chiswe. Chiswe sichinaikhudzepo. Njira yawo imagwira ntchito, ndiyenera kuvomereza.

Ndawaimbira. Ndibwera Lachitatu, aitulutse m'paipimo iyambe kuwongoka, makina ojambulira safuna pepala lopindika.

"Zowongola zinthu zopindika ndiye ntchito yathu, aphunzitsi." Chiyambire ntchito ine, Bambo samanditchulanso dzina.

Ndaseka. Zinayi mwa zisanu zatheka, tikawerengera lonjezo la ahedi, ndipo lero ndi Lolemba chabe.

Lachiwiri

Kalata ya ahedi yatuluka. Alemba kuti ndine wofatsa, wosapupuluma. Zoona.

Nthawi ya buleki Bambo aimba. Lipoti lawo: pepala linauma kwambiri, polifunyulula limalira. Tsamba louma suliwongola, limathetheka. Choncho satifiketi yagona m'chigafa, yopachikidwa pa mkangala pakati pa fodya, kuti ikoke chinyezi cha m'mamawa.

"Yafewa bwino, aphunzitsi. Ngati chikopa cha kamwana ka mbuzi."

Ndiunike modekha.
a) Inki ya makina sisuluka ndi mame.
b) Pepala ndi mtengo, fodya ndi tsamba. Zonse zimafewa ndi mpweya wonyowa. Ndinawerengapo kuti osamala mabuku akale amachitanso chimodzimodzi.
c) Kotero Bambo sanalakwe.

Komabe choko chathyoka kawiri mu Fomu 3.

Ndawauza kuti asaikhudzenso mpaka ndifike. Ayankha, "Eya, eya." Eya ameneyu ndikumudziwa. Ndi amene amapatsa alangizi a zaulimi akamawauza kutalikirana kwa mizere.

Lachitatu

Ndafika pa njinga yamoto cha m'ma 2 koloko. Pakhomo pali zii. Mayi akuswa mtedza, andilonjera maso ali m'lichero. M'chigafa mwatsala mikangala yokha.

Ndafunsa mboni zitatu, aliyense payekha. Zomwe zachitika dzulo masana ndi izi:

1. Bambo aika satifiketi mu envulopu, envulopu pakati pa makatoni awiri.
2. Aitengera ku jeke, bokosi lija amapsinjiramo mabelo. Fodya ali theka. Aiyala pamwamba, aphimba ndi fodya wina kuti thabwa lisaidinde mizere, atsitsa thabwa. Cholinga: ola limodzi.
3. Aitanidwa ku msonkhano wa akulu a mpingo. Msonkhano watenga maola anayi.
4. A Likoswe, tenanti wawo wa ku Phalombe, munthu wosapirira kuona ntchito ili theka, apeza jeke ili duu. Akweza thabwa, aona fodya. Awonjezera fodya, apsinja, asoka chiguduli.
5. Amanganso mabelo ena atatu. Onse pamodzi asanu ndi anayi.
6. Ngolo yabwera monga mwa pangano. Mabelo onse ali ku depoti ya kalabu ya alimi, pa malo a malonda, kudikira lole ya Lolemba yopita ku okishoni.

Bwanji sanandiimbire dzulo lomwelo? "Sitinafune kukusokonezani pa ntchito."

Ndafunsa a Likoswe ngati sanaone chachilendo. "Onse anali fodya, madamu."

Bambo akhala pa chitsa, chipewa chili pa bondo. Mantha awo ndi awiri, a satifiketi ndi a belo, ndipo sindikudziwa aakulu ndi ati. Belo likapezeka ndi chinthu chosakhala fodya, ngakhale nthenga ya nkhuku, limabwezedwa, ndipo dzina lochititsidwa manyazi ndi la kalabu yonse. Nthenga! Ife tatumiza makatoni awiri ndi digiri.

Sindinakweze mawu. Ndapempha pepala ndi cholembera. Mabelo asanu anali omangidwa kale Bambo asanachoke. Atatu amangidwa pambuyo. Choncho ili mu belo lachisanu ndi chimodzi. Masamu a Sitandade 2.

Chinthu chodziwika pomwe chili sichinatayike. Ndabwereza mawu amenewa kangapo.

Lachinayi

Ndapempha tchuthi kwa ahedi. Chifukwa chomwe ndapereka: za pabanja.

Ku depoti. Mabelo a kalabu yonse aunjikidwa mpaka kudenga. Athu ali pakona, manambala olembedwa ndi utoto wakuda pa ziguduli. Ndaona 6. Ndamugwira. Kalaliki akuti mabelo apimidwa kale, ali ndi matikiti, satsegulidwa popanda apampando a kalabu. Apampando ali ku chinkhoswe ku Simlemba. Abwera mawa.

Njira zina, chifukwa munthu wanzeru sadalira khomo limodzi:

Kope lomwe ndinapereka polembedwa ntchito. Ku ofesi ya maphunziro pa Boma akuti lili m'failo yanga. Failo yanga ili ku Lilongwe.

Satifiketi yatsopano kuchokera kuyunivesite yanga yakale. Imatenga milungu ingapo, ndipo imafuna kalata ya apolisi yoti yakaleyo inatayika.

Kupolisi. "Inatayikira kuti, mayi?" Ndafotokoza zonse, mpaka nambala ya belo. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukudziwa pomwe ili." Ndavomera. "Ndiye tilembe chiyani?" Sindikanatsutsa. Ndi mfundo yanga yomwe ya dzulo.

Zithunzi za tsiku lolandira digiri. Ndili nazo khumi ndi zinayi m'foni. Pa zonse satifiketi ili m'manja mwa Bambo, yokulunga.

Ndaimbira ofesi yolandira mafomu. Mayi wa mawu aulemu kwambiri akuti popanda satifiketi makina sakulola kutumiza. Ndafunsa ngati pali munthu woposa makinawo. Akuti alipo, koma ali ku msonkhano mpaka Lolemba.

Uthenga wa a Mwale: "Zikuyenda, madamu? Tikukupemphererani." Ndawerenga katatu. Mulibe cholakwika m'mawu amenewa. Ndi zimene zikundivuta.

Ndagona kwathu. Pa chakudya chamadzulo Bambo angolankhula kamodzi: "Ine mtima wanga ukuti nambala 2." Ndawafotokozera, mwaulemu, kuti mtima suwerenga mabelo. Ndawaonetsa pepala la masamu. Agwedeza mutu, asamba m'manja.

Lachisanu

Kuwerengera nthawi: kutsegula belo, mphindi makumi awiri. Njinga yamoto kukafika pa Boma, ola ndi theka. Fotokope ndi chidindo cha kukhoti, ola limodzi ngati mzere uli waufupi. Kujambula ndi kutumiza, theka la ola. Ndiyenera kuchoka pano isanapitirire 1 koloko.

7:00. Pa depoti: ine, Bambo, a Likoswe ndi mpeni.

9:00. Chimodzimodzi.

10:30. Kalaliki akuti apampando anyamuka. Sananene kuti anyamuka kuti.

11:40. Afika. Malonje. Chinkhoswe chinayenda bwanji, akuchimuna anali anthu otani, mvula ya chaka chino inawanamiza bwanji a ku Simlemba. Bambo sangalumphe malonje ngakhale nyumba ikupsa. Mphindi makumi awiri ndi zisanu.

12:05. Nkhani yafotokozedwa. Apampando aseka mpaka kutsokomola, kenaka amva mawu oti katoni, kuseka kwatha. Chigamulo: "Limodzi lokha. Belo likatumbulidwa limafufuma, jeke pano palibe, silikweranso lole. Ena akaona aliyense afuna kutsegula lake. Tikhala ndi depoti kapena chigafa?"

Limodzi ndi lokwanira. Ndatchula 6.

Bambo ayang'ana nambala 2, kenaka asendera kuti a Likoswe adutse.

12:20. A Likoswe adula ulusi. Belo likutupa ngati buledi. Tikuchotsa fodya tonse atatu, mosamala, mpaka pansi. Fumbi m'mphuno, m'maso.

12:50. Mulibe.

Ndapapasanso pansi penipeni. Mulibe.

A Likoswe akupukuta mpeni pa buluku. "Madamu, mumati nambala ikutsata kamangidwe? Ayi. Kwa abwanawa timalemba tikatha kusoka onse. Labwino kwambiri ndi 1, kuti ogula ayambe kuona limenelo. Lonyansa ndi lomaliza."

Ndawafunsa Bambo chifukwa chomwe mtima wawo unanenera 2.

"Pepala lanu sindikanaliika pa fodya wa m'munsi, aphunzitsi. Ndinadikira wabwino. Koma wabwino kwambiri tinali titamanga kale."

Choncho sunali mtima. Unali umboni. Ine ndinafunsa mafunso onse kupatula limodzi.

1:10. Ndapempha belo lachiwiri. Apampando akuti zimenezo ndi za komiti. Komiti ndi anthu asanu. Awiri ali ku dimba, mmodzi wapita ku chigayo.

2:15. Atatu apezeka. Malonje.

2:40. Akukambirana ngati atatu ndi komiti.

Ngakhale atavomera tsopano, pa Boma ndifika 4 itadutsa. Koma chithunzi cha pa foni, chopanda chidindo, mwina makina angalandire. Makina sawerenga zidindo. Ndikudikira.

3:30. Wachinayi wafika, ufa uli m'tsitsi. Akufuna nkhani iyambirenso poyamba.

3:48. Ndakwera pa chulu kuseri kwa depoti, pomwe netiweki imagwira. Ndayesa kutumiza fomu popanda nambala 5. Malembo ofiira. Ndayesanso. Ofiira.

4:00. Tsamba lasintha lokha. Akuthokoza onse amene atumiza.

Nambala 2 ali mapazi khumi kuchokera pomwe ndaima. Pakati pathu pali khoma la malata basi.

Loweruka

Komiti yagamula dzulo cha m'ma 5 koloko, mogwirizana ndithu: mabelo onse a Bambo atuluke, atsegulidwe, amangidwenso. Pomwe palowa katoni pangalowenso zina. Lole ya Lolemba yatidutsa. Ina ibwera pakatha milungu itatu.

Ngolo yayenda maulendo awiri. Anthu m'njira akufunsa ngati fodya wabwezedwa. Bambo akuyenda pambali pa ng'ombe. Chiyambire kulima sanabwezedwepo belo.

Tayamba ndi nambala 2. Pakati penipeni, makatoni awiri, envulopu.

Kuunika:
- Yosang'ambika.
- Malembo onse akuwerengeka.
- M'mphepete mwachita bulawuni pang'ono.
- Fungo: fodya wa mtundu wa bale, ndipo sindikukhulupirira kuti lidzachoka.
- Yosalala ngati galasi. Sinakhalepo chonchi ngakhale tsiku lomwe ndinailandira.

Bambo aigwira ndi nsonga za zala, aiyang'ana mbali zonse, andipatsa ndi manja awiri. Mayi alowa m'khitchini ndipo ndamva akuseka m'chitenje.

A Likoswe akufunsa kuti sukulu yomwe ndaphonyayi ndimakaphunzira chiyani. Ndawauza: chifukwa chimene ana a matenanti amajombera nyengo ino. Andiyang'ana, ayang'ana mabelo. "Zimenezo mpaka ku yunivesite, madamu?"

Tatumbula asanu ndi awiri otsala. Mulibe ngakhale nthenga.

Lamulungu

Uthenga wa a Mwale. Akuti iwo anatumiza mafomu awo Lachinayi, "mongoyeserera". Ndawayankha kuti zabwino zonse. Ndinalemba mayankho ena awiri poyamba, ndafufuta.

Zaka ziwiri. Fomu 1 ya chaka chino idzakhala Fomu 3.

Kutchalitchi Bambo awerenga zolengeza ndi mawu awo a masiku onse. Anthu atatu andigwira dzanja ngati pamaliro. Mmodzi wafunsa kuti ogula anapereka zingati.

Pobwerera Bambo akuti, "Zaka ziwiri si kanthu, aphunzitsi. Tikusungirani bwinobwino." Ndathokoza. Satifiketi ili m'chikwama changa, pakati pa buku la mapu, ndipo chikwamacho ndachimangirira m'chiuno ndi chitenje.

M'chigafa muli milu isanu ndi inayi ya fodya wofufuma, ndipo akakhala choncho auma n'kuyamba kuthetheka. Bambo, mkulu wa mpingo, akuti Sabata la fodya limatha 3 koloko. Sindinafunse vesi lake.

A Likoswe akuyala, Bambo akusoka, ine andipatsa ntchito yopota jeke. Akuti siifuna kuganiza.

Belo loyamba latsika. Mkati muli fodya yekha. Ndayang'ana kawiri.