Ndinadikira ziro mpaka bolodi linatha

Pali msewu wina kuno ku Kabwe umene sindidutsanso, ngakhale minibasi itakhala yaulere. Mumsewumo muli koleji ina imene inkafuna mphunzitsi wa masamu. Ine ndinali nditatopa ndi kuphunzitsa ana a eni pakhonde panga ku Bwacha, choncho atandiitana kuti ndikaphunzitse pamaso pa akuluakulu, ntchitoyo ndinkaiona ngati ndaipeza kale.

Mutu umene anandipatsa unali integration by parts, njira yothetsera samu ya calculus pamene zinthu ziwiri zachulukitsana. Njira ya m'buku ndi yaitali, ndipo ndimaidziwa bwino. Koma mtima wofuna kugometsa anthu unandilowa. Pafoni ndinapeza kavidiyo ka njira yachidule. Umalemba mizere iwiri yotsika. Kumanzere umapanga differentiate, ndiko kusenda chinthucho ngati anyezi mpaka patatsala ziro. Kumanja umapanga integrate, ndiko kubweza kusenda kuja, kenako n'kuchulukitsa mopingasa, plus ndi minus zikusinthana. Kavidiyoko sindinakamalize chifukwa bandulo ya intaneti inandithera pakati (ndinadzitonthoza kuti kotsalako kunali kongotsanzikana).

Tsikulo ndinavala jekete la paukwati wanga. Kutsogolo kunakhala ophunzira, kumbuyo akuluakulu, ndipo pakati pawo panali mayi wina wa magalasi, mkulu wa masamu pakolejipo. Samu yoyamba inayenda ngati madzi. Ndinasenda, ziro anafika, ophunzira anaomba m'manja. Pamenepo mutu unakula, mpaka ndinanena kuti njira ya m'buku ndi ya anthu osowa chochita (olemba mabuku andikhululukire).

Mayi aja anakweza cholembera. "Ba Sir, iyi shortcut yanu isebenza paliponse?"

Ndinati imagwira ntchito paliponse. Anandipempha mwaulemu kuti ndiyese e^x sin x.

Ndinaika sin kumanzere n'kuyamba kusenda. Anasanduka cos. Ndinasendanso, anabwera sin wa minus. Kusendanso, cos wa minus. Kusendanso, sin yemwe uja, ali tswii kundiyang'ana. Ndinauza ophunzira kuti asade nkhawa, ziro ali m'njira. Ndinawerama, kenako kunjuta, kenako kugwada pasimenti, ndikulemba m'munsi mwenimweni mwa bolodi. Malo atatha ndinafufuta samu yoyamba ija, chinthu chokhacho chabwino chimene ndinachita tsikulo, n'kupitiriza pamenepo. Ndinkadziwa kale kuti ziro sabwera. Koma kuima kunali kuvomera, ndiye ndinkangolemba.

Choko chitatha m'zala, mayi aja anadzuka n'kubwera kutsogolo. Sanaseke, ndipo bwenzi zili bwino akanaseka. Analoza pamwamba pa bolodi.

"Answer munaisiya apa, pa line ya number three. Sin ikabwela futi muimilila, muipeleka ku side ina ya equals, mwasiliza. Manje imwe munapitilila chabe."

Anamaliza samuyo m'timizere tochepa, ophunzira akukopera za mayiwo, zanga ayi. Kenako anandithokoza chifukwa chobwera, nati adzandiimbira foni. Mawu amenewo tonse timawadziwa tanthauzo lake. Manyazi amene ndinatuluka nawo pakhomo paja sindinawamvepo chibadwire, ndipo kuchokera m'tauni mpaka ku Bwacha ndinayenda wapansi kuopa kukhala moyang'anizana ndi munthu m'minibasi.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga wapha nkhuku, yokhayo imene inkaikira mazira. Anandichingamira pakhomo akupukuta manja pachitenje, akundiitana ndi dzina la mwana wathu.

"Bashi Tamara, zayenda bwanji? Muyamba liti?"

Ndinamuuza kuti bolodi lawo ndi laling'ono. Anayang'ana fumbi la m'maondo mwanga ndi choko chimene chinafika mpaka m'tsitsi, n'kulowa kukatenga madzi osamba m'manja. Nkhuku tinadya, ana anasangalala. Za kolejiyo sanandifunsenso mpaka lero, ndipo ndikamaphunzitsa pakhonde amatseka zenera mwakachetechete kuti ndisaone kuti akumva.