Zakeyu ndi Mapaini a Nangozo

Khalani pansi, ana inu, mumve kumene mwambi wina unachokera. Unayambira kumapiri a ku Dedza, ndipo unayamba motere.

Kunali mkamwini wina dzina lake Zakeyu, wochokera ku Kasungu kwa alimi a fodya. Iye ndi mkazi wake Nangozo anamanga nyumba ya njerwa, koma denga linali la udzu wodontha. Nangozo anali ndi munda wa mapaini aang'ono oti akakula acheke mapaso a denga la malata. Mchimwene wake, a Gomeza, analinso ndi mapaini awo kutsidya kwa mpanda.

Zakeyu ankayang'ana mitengoyo mtima ukumuwawa. Iye anazolowera fodya, wobzala lero n'kuthyola chaka chomwecho.

"Mitengo yaulesi iyi!" anatero. "Nthambi zonsezi zikuba chakudya. Kwathu fodya timamuchotsa mphukira kuti mphamvu ipite pamodzi."

Anatenga chikwanje n'kusadza mitengo yonse, kusiya kanthambi kamodzi kokha kunsonga. Nangozo pochokera kudimba anaona mitengoyo n'kugwetsa dengu.

"Bambo a Tiyesi, mwameta mitengo yanga ngati anamfedwa! Wamwalira ndani?"

"Khalani chete, mayi. Chaka chamawa alamu adzabwera kudzafunsa nzeru kwa ine."

Mitengo ija inayamba kudontha utomoni m'mabala. Zakeyu anaukhudza n'kumwetulira. "Mwaona? Thukuta ili. Yayamba kugwira ntchito."

Mvula itagwa, mapaini anakoka kachakudya kamene anasunga m'mizu n'kutulutsa timasamba tatsopano kunsonga. Zakeyu anati ndi mphukira, nakwera makwerero kukatibudula.

A Gomeza anamukuwira ali kumpanda. "Alamu, tsikani! Mtengo umaphikira m'masamba, ndi dzuwa ndi mpweya. Thabwa mukulifunalo ndi chakudya chomwecho chitauma. Pomanga thunthu mtengo umadyanso, ngati mmisiri wa njerwa. Mwagumula khitchini, ndiye mukuti amange ali ndi njala?"

"Nsanje basi," anayankha Zakeyu ali m'mwamba. "Mtengo uli ndi khitchini? Nanga mbale umatsukira kuti?"

Zaka zinapita. Mapaini a Gomeza, ndi nthambi zawo zosokonekerazo, ananenepa mpaka munthu kulephera kuwakumbatira. Mapaini amene Zakeyu anasadza aja ena anauma, otsalawo anaonda ngati bango, mphepo ikaomba ankagwada mpaka pansi. M'nyumba namo, mvula ikagwa, Nangozo ankatchera mapoto, ndowa ndi beseni, ana atakwera pampando.

Tsiku lina dontho linagwera mu ufa. Nangozo anaphulika.

"Kadulenitu mapaso anu aja! Lero lomwe denga likwere, apo ayi mphasa yanu iona msewu wa ku Kasungu!"

Zakeyu anasankha paini wonenepa kuposa onse, wofanana ndi mpini wa khasu. Anaugoneka pamwamba pa zipupa, nakwerapo kuti anthu aone kulimba kwake.

"Onani, mayi! Chitsulo chenicheni!"

Phwa! Mtengo unathyoka, Zakeyu n'kugwera m'beseni la madzi odontha aja, miyendo m'mwamba.

Nangozo sanaseke. "Dzukani! Mitengo imene ndinathirira ndi mutu wangawu, inu kuisandutsa misuwachi! Munkati tikhala oyamba m'mudzi muno. Achimwene akhoma malata, khola lawo la nkhumba nalo lili ndi mapaso. Ife tili pati?"

Nangozo anakulunga mphasa ija, naimangirira pa kachidutswa ka paini wothyokayo kuti mwamuna wakeyo anyamulire paphewa. Zakeyu anauyamba ulendo madzi akuchucha m'kabudula. Podutsa pa a Gomeza anawapeza atakhala pakhonde pouma, mvula ikulira pamalata.

"Alamu," anatero a Gomeza osadzuka n'komwe, "kuthamanga sikufika."