Buledi wa Abakha pa Mayeso a Chingerezi

Dandaulo langa loyamba pa nkhani iyi ndinalipereka Lolemba m'mawa, m'nyengo yozizira, nkhondo ili pakati, ndipo kope lake ndili nalo. Dandaulo lachiwiri ndinalipereka mvula itayamba, lachitatu mtendere utabwera. Onse amene anawalandira anati ayankha. Ena anapuma pantchito, ena anatisiya, koma yankho silinafike. Tsopano ndaganiza zoitula kwa inu owerenga, ngakhale ndikudziwa kuti amene mumuseke kwambiri ndi ineyo.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pa nyumba yosungiramo mbewu kuno ku Lichinga. Tinamva kuti lole ya kuntchito ipita ku Malawi kukatenga mbewu ya mbatatesi, ndipo pakufunika munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mapepala a Chingerezi. (Ndinafunsa kuti Chingerezi n'chachiyani poti a ku Malawi timamvana nawo bwinobwino. Anandiyankha kuti anthuwo amalankhula Chinyanja, koma mapepala awo sachidziwa.)

Ulendowo ndinkaufuna ndi mtima wonse, ndipo si chifukwa cha mbatatesi. Mwana wanga woyamba, Lusiya, anali atathawira kwa Namwera ndi mwamuna wake, ndipo uthenga unafika woti wabereka mwana wamwamuna amene akudikira agogo ake kuti adzamutche dzina. Loleyo inkadutsa pomwepo. Dzina ndinali nalo kale, la malemu bambo anga, ndipo ndinkalisunga mumtima osauza munthu.

Ofuna malowo tinali awiri, ine ndi a Fernando a m'chipinda choyezera matumba, munthu wansangala amene ankatchula Chingerezi ngati akutafuna chimanga chokazinga. Tonse tinkaphunzira tikaweruka, pa sukulu ina ku Sanjala. Aphunzitsi athu a Rachide anali atangobwera kumene kuchokera ku Cuba, ndipo ankaphunzitsa Chisipanishi Lachiwiri, Chingerezi Lachinayi. Abwana anati amene akhoze bwino mayeso a a Rachide ndiye akwere lole. Sindinade nkhawa. Galamala inali yanga. Aneni osamvera malamulo aja ndinawaloweza ngati katekisimu, moti a Fernando ankanditcha Mngerezi wa ku Chimbonila, kumudzi kwathu.

Tsiku la mayeso, mayi a kunyumba analawirira ku bicha, mzere wodikirira buledi, kumene anali atasiya mwala dzulo lake kuti uwasungire malo. Mwalawo unagwira ntchito yake bwino, koma buledi anathera anthu atatu kutsogolo kwawo. Ndinamwa tiyi wa masamba a ndimu wopanda shuga, tsiku lonse m'mimba muli kwee, madzulo n'kukakhala pa desiki.

Tsamba loyamba linali la nkhani yoti tiwerenge kenaka tiyankhe mafunso. Nkhaniyo inati bambo wina, a Wilisoni, anadzuka Lamlungu n'kupeza kuti buledi wa m'nyumba mwawo ndi wadzulo. Anagula wina watsopano. Wadzulo uja, wathunthu wosadula n'komwe, anapita naye kudziwe n'kumanyemera abakha. Abakha anakhuta, a Wilisoni anabwerera kwawo akuimba mluzu.

Ndinawerenga kawiri poganiza kuti Chingerezi chandisokoneza. Sichinandisokoneze. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, abakhawa ndi awo?"

"Nkhani sikunena, bambo. Yankhani zimene zalembedwa."

"Ndiye kuti sadzawadya n'komwe?"

"Kamarada, ano ndi mayeso."

"Chabwino. Koma bamboyu amakhala kuti?"

Apa a Fernando analankhula osadzutsa mutu: "Mukufuna mukaime pa bicha ya abakha, achimwene? Mutengeko mwala." Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke.

Mafunso awiri oyamba ndinawayankha mwaulemu: anapita kudziwe, ananyamula buledi. Lachitatu linati, n'chifukwa chiyani anapereka buledi kwa abakha? Ndinalemba kuti chifukwa sanaimepo pamzere chibadwire. Lachinayi linati, anamva bwanji pobwerera? Ndinalemba kuti anayenera kumva manyazi. Lomaliza linati, kodi a Wilisoni ndi munthu wotani? Pamenepo m'pamene ndinakhala bwino pampando.

Ndinafotokoza, m'Chingerezi choyera, kuti buledi wadzulo amanyikidwa m'tiyi, wadzana amawambidwa pamoto, ndipo wa sabata yatha amapalidwa nkhungu n'kudyedwa ndithu. Ndinafunsa ngati bamboyo analibe anansi. Ndinati kwathu kuno akanaitanidwa ku msonkhano wa m'dera kuti akafotokoze pamaso pa anthu. Mizere itatha ndinalemba m'mbali, kenaka ndinapempha pepala lina. A Rachide anandipatsa monyinyirika, poti mapepala nawonso anali osowa ngati shuga.

"Nthawi yatha, ikani mapensulo pansi!"

Ndinaika dontho lomaliza ndili wokhutira ngati abakha aja. Potembenuza pepala la mafunso kuti ndilipereke, m'pamene ndinaona tsamba lachiwiri. Galamala yokhayokha. Aneni anga onse aja ali ndandanda, akundidikira, osakhudzidwa ndi pensulo.

Zotsatira zitatuluka, a Fernando anali pamwamba. Anangokopera ziganizo za m'nkhanimo, ndipo pa funso lomaliza analemba mawu atatu okha, akuti ndi munthu wachifundo. Galamala analotera ina n'kukhoza. Ine mayankho anga atatu anathethedwa ndi inki yofiira, ndipo pambali pa chiweruzo changa chonse chija panalembedwa kuti, "Chingerezi chabwino, koma si zimene nkhani ikunena."

Ndinavala jekete n'kupita kwa a Rachide.

"Aphunzitsi, mwapezamo cholakwika m'ziganizo zangazi?"

"Ngakhale chimodzi, bambo."

"Nanga bodza mwalipezamo?"

Anapuma mozama. "Bambo, funso lotere silifuna maganizo anu. Lifuna kuona ngati mwamva zimene wolemba wanena. Komanso a Wilisoni kulibe. Ndi munthu wongopeka." Pofuna kunditsimikizira anatsegula buku lawo la Chisipanishi. "Onani apa. Nkhani yomweyi, koma kuno ndi a Ramiresi, ndipo akukhala mzinda wina."

Ndinavala magalasi. Chisipanishi n'chachibale ndi Chipwitikizi, choncho ndinatha kutsatira. Dziwe lomwelo, buledi yemweyo, abakha ali mbwee.

"Ndiye kuti wasintha dzina n'kuwoloka malire," ndinatero, "ndipo akupitirizabe."

A Rachide anaseka mpaka kugwira tebulo. (Ndinkadziwa kuti munthuyo ndi wopeka, sindine mwana. Koma wina anakhala pansi n'kumupeka, wina n'kumumasulira, ndipo palibe amene anaona vuto. Chinandipweteka n'chimenecho.) Atapukuta misozi anati malikisi sangasinthe. M'mawa wa Lolemba ndinakapereka dandaulo langa ku ofesi ya sukuluyo, masamba ake osanena.

Lole inkanyamuka kumapeto kwa sabata yomweyo, pamodzi ndi magalimoto ena operekezedwa ndi asilikali mpaka kumalire, ku Mandimba. Madzulo oti mawa lake ndi ulendo, a Fernando anabwera kunyumba kudzatsazika. Mayi a kunyumba anawakonzera kathumba ka nyemba ndi nsalu yoberekera mwana kuti akapatse Lusiya.

"Achimwene, ndiuzeni dzina la mwanayo ndikalitule," anatero a Fernando. "Sindilitaya panjira, ndilimanga pa mpango."

"Dzina silitumizidwa ngati nyemba. Ndikalitchula ndekha."

"Bambo a Lusiya, auzeni," anatero mayi. "Mwana adzayamba kukwawa akumutcha Iwe."

"Dandaulo langa lili m'manja mwa akuluakulu. Mawa lomweli akhoza kutsitsa a Fernando pa lole."

"Ndikusungirani malo pamwamba pa matumba," anatero a Fernando, akumwa tiyi wanga wa ndimu.

M'mawa ndinapita pamalo onyamukira nditanyamula chikwama, kuti wamthenga wa ku sukulu akabwera ndi yankho asandipeze wosakonzeka. Ndinaima pomwepo mpaka fumbi la lole litatha. Kenaka ndinabwerera kunyumba ku Sanjala ndi chikwama changa, anthu m'njira akundifunsa kuti ku Malawi kuli bwanji.

A Fernando anabwerako bwino, atanenepa masaya. Anafika kunyumba ndi sopo wochokera kwa Lusiya, koma maso awo ankathawa anga.

"Mwana ali bwino, wonenepa, mphuno ngati yanu. Koma achimwene, musandikwiyire. Anandifunsa kuti agogo atumiza dzina lanji. Ndinati agogo akudikira yankho la ku ofesi. Apongozi a Lusiya anati mwana sangadikire ofesi, ndipo poti wabwera munthu wochokera kwawo kwa mayi ake, atanyamula nsalu..."

"Ndiye?"

"Ndinakana, Mulungu ndi mboni. Ndinakana kawiri."

Mdzukulu wanga dzina lake ndi Fernando. Lero ndi bambo wa ana ake, amandikonda, ndipo akabwera kudzandiona amayamba wadzera kwa mnzake wa dzina kukasiya shuga. Dzina la bambo anga linadikira mpaka mdzukulu wachitatu, poti wachiwiri anali wamkazi.

Mayi a kunyumba amati phunziro lake n'lakuti munthu azitembenuza pepala asanayambe kukalipa. Ndikuvomera, ndipo masiku ano ndimatembenuza ngakhale chikalata cha madzi. Koma zoti munthu wotaya buledi wathunthu m'dziwe ndi wachifundo, zimenezo sindidzalemba, m'chilankhulo chilichonse.

Choncho ndikupempha mwaulemu amene akuyang'anira sukuluyo tsopano kuti aonenso mayankho anga a funso lachitatu, lachinayi ndi lachisanu, ndipo andiyankhe polemba. Lole inapita, dzina linapita, zimenezo sindikufunanso. Ndikufuna zilembedwe kuti ndinayankha zoona.