A Makina ndi Miyala ya pa Siteji

Aliyense amene anakwerapo galimoto pa Phalombe m'zaka zija akuwadziwa a Tobias Makina, bambo amene anayendetsa siteji yathu zaka zoposa makumi awiri, iwo osakwerapo galimoto. Anakweza aphunzitsi, odwala, mbuzi, madengu a matemba a ku Chilwa ndi matumba a nandolo osawerengeka, koma phazi lawo linali lisanapondepo pa lole. Kuno anafika wapansi kuchokera ku Chiringa, kudzakhala chikamwini m'munsi mwa phiri la Michesi. Ukawafunsa chifukwa chake sakwera, lero ankati m'mimba mwawo simugwirizana ndi fungo la dizilo, mawa ankati akachoka siteji isiyidwa ndi yani. Komabe Limbe ankamudziwa kuposa ife amene tinkapitako. Ankakuuza potsikira, msewu woti uwoloke, ndi sitolo imene mwini wake sachedwa kupsa mtima, zonsezo atangomva kwa apaulendo.

Siteji inali pansi pa mkuyu waukulu, pafupi ndi msika. Masiku amenewo basi inali imodzi, ndipo inkabwera ikafuna. Ena onse tinkadalira matola. Unkatha kufika tambala atangolira n'kunyamuka dzuwa litapendeka. Munthu sangaime pamzere tsiku lonse, ndiye a Makina anakonza zoti pamzerepo paziima miyala.

Ukafika unkatola mwala n'kuwaonetsa. Iwo ankautembenuza uku ndi uku ngati akugula dzira, n'kukuyang'ana nkhope, kenako n'kuuika kumapeto kwa mzere. Basi, iwe uzipita kukamwa tiyi, kukameta, kapena kugona pamthunzi. Injini ankaimva isanawoloke mlatho, ife tisanamve kanthu, ndipo ankamenya chitsulo chimene anapachika panthambi. Aliyense ankathamanga kudzaima pa mwala wake. Palibe amene anawalemba ntchitoyi. Anthu ankangowasiyira chinangwa, nthochi, kaya nzimbe.

Miyala ankaidziwa ngati ana awo. Tsiku lina a Stafford, aphunzitsi a tayi yofiira, anafika mochedwa, ndipo a Makina atatembenuka anakankhira mwala wawo kutsogolo ndi nsapato, maso ali kumwamba ngati akuyang'ana mvula.

"Aphunzitsi, mwala wanu wamera miyendo," anatero a Makina. "Ndinausiya kumbuyo kwa wa mayi awa."

A Stafford anati mwina mbuzi zaugunda. A Makina anavomera kuti mbuzi za pa Phalombe n'zophunziradi, zimadziwa kugundira kutsogolo kokhakokha. Anautola mwaulemu n'kukauika kumapeto kwenikweni, kumene anati mbuzi sizifikako.

Lamulo lawo linali limodzi: odwala, amayi oyembekezera ndi opita kumaliro, miyala yawo inkakhala kutsogolo. A Wilson, ogula mpunga kumadambo a ku Chilwa, analikonda kwambiri lamuloli. Ankafika nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti azakhali awo atisiya ku Limbe. Ulendo woyamba a Makina anavula chipewa. Wachiwiri anavulanso, koma pang'onopang'ono. Wachitatu anawagwira a Wilson dzanja, n'kuitana anthu onse pa siteji kuti adzapepese, chifukwa mayi womwalira katatu chaka chimodzi wavutika kwambiri. Amayi ena anayambitsa ndi nyimbo ya maliro. A Wilson anapita okha kukaika mwala wawo kumbuyo.

Zipani zambiri zitabwera, kunabweranso maminibasi. M'chilimwe ankafika awiri kapena atatu patsiku, atayera ndi fumbi, ndipo anthu ena anayamba kunena kuti za miyala n'zachikale, munthu ali ndi ufulu wokwera mmene wafunira. A Makina ankayankha kuti iwo sanaonepo demokalase yoposa ya pansi pa mkuyu, pomwe mwala wa wonyamula nkhuni ndi wa mwini golosale umagona pafumbi limodzi. Kenako Phalombe anakhala boma pa yekha, ndipo tinamva kuti pa siteji pamangidwa depoti ya simenti, ya malata, ndi timasitolo mozungulira.

Mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa mapesi m'minda, kunabwera bambo wa mapulani kudzamva maganizo athu. Anayala pepala lalikulu patebulo pansi pa mkuyu womwewo. A Howard, eni golosale, anati zachedwa, boma lizioneka ngati boma, alendo asamalandiridwe ndi mbuzi. Mayi Hilda, amene ankakazinga mandasi pa siteji chiyambire, anafunsa kuti moto wawo adzasonkha pati. Amayi a ku Michesi anafunsa ngati malole azidzalowa m'depotimo, poti minibasi imakana mitolo ya nkhuni. Asodzi anati imakananso fungo la nsomba. Bambo uja ankalemba zonse, ndipo anatitsimikizira kuti magalimoto adzachuluka moti palibe adzadikire.

A Makina anayankhula pomalizira. Anaweramira pepala lija nthawi yaitali, chala chikutsata mizere.

"Bwana, pepalali munalijambula mwezi wanji?"

"Mu Juni, bambo."

"N'chifukwa chake mulibe matope."

Anthu anaseka, bambo uja anasekanso, koma a Makina sanaseke. Anafotokoza kuti mu Febuluwale mitsinje yochokera m'phiri ikadzaza, minibasi imathera pomwe pathera tala, kuno kumafika lole imodzi pa masiku atatu. Anafunsa kuti tsiku limenelo, pa simenti yosalalayo, nkhalamba idzakwera bwanji. Bambo uja anati mfundoyo ndi yabwino ndipo akaipereka kwa akuluakulu. Anaipinda pamodzi ndi pepala.

Omanga anafika chaka chotsatira, nthawi ya chisanu, chiperoni chitaphimba Mulanje yense. Anali alendo, ndipo kapitawo wawo anali a Fraser, munthu waulemu wake. Anakumba ngalande ya maziko pambali pa mkuyu. M'mawa wina kunazizira kwambiri, apaulendo onse anakadzipanikiza m'matiyirumu, ndipo a Makina anaperekeza gogo wina wosaona kuseri kwa msika. A Fraser anaona miyala yabwino, yofanana kukula, itandandalikidwa bwinobwino pafupi ndi ngalande yawo. Anayamikira mumtima kuti anthu a pa Phalombe amakonda chitukuko. Analamula kuti iwoleredwe mu wilibala. Pamene a Makina ankabwerera, simenti inali itathiridwa kale pamwamba.

Anaima m'mphepete mwa ngalandeyo, nayankhula mawu angapo m'Chilomwe amene sindingawalembe pano. Kenako anatembenukira kwa kapitawo.

"Achimwene, mwakwirira anthu makumi anayi ndi atatu."

A Fraser anatuluka thukuta kuli chisanu. Anayamba kufunsa ngati pamalopo panali manda, ndipo nthawi yomweyo lole inalira kumlatho. Anthu anatuluka m'matiyirumu akuthamanga, n'kupeza pansi pali mbee. Ena anayamba kale kukankhana. A Makina anamenya chitsulo kamodzi, anatsinzina, n'kuyamba kuitana: mayi a mwala wakuda wosweka pakona, bambo a mwala wonga mbatata, asisi a mwala wa m'mtsinje wokhala ndi mzere woyera. Anaitana onse makumi anayi ndi atatu, mmodzimmodzi, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale a Stafford, amene anapezeka a nambala makumi anayi. A Fraser anapepesa atagwira chipewa pamtima, ndipo kuyambira tsiku limenelo wantchito wawo akafuna kutola mwala uliwonse pa Phalombe ankayamba wafunsa ngati uli ndi mwini wake.

Mkuyu anaudula mu Okutobala, nthawi imene mthunzi umafunika kwambiri. Unatenga masiku awiri kuti ugwe. A Makina sanaoneke pa siteji sabata yonse, ndipo akazi awo anati ankangokhala pakhonde kusema mipini imene palibe anaitanitsa.

Depoti itatsegulidwa anabweranso, atavala jekete. Koma pa simenti miyala inaletsedwa, wosesa ankaitaya m'mawa uliwonse. Anayesa zitsekerero za mabotolo, mphepo inazimwaza. Oitanira minibasi, azibambo a mawu okhuthala, ankalanda zikwama m'manja mwa anthu n'kuwakokera uku ndi uku, ndipo ankawanyoza a Makina powatcha kuti adala a miyala. A Makina sanakwiye. Anapeza njira ina: minibasi ikaima ankapingasa ndodo yawo pakhomo mpaka okalamba ndi a ana kumsana atalowa. Madalaivala ankaliza hutala, iwo n'kumafunsa modekha ngati galimotoyo ikudwala chifuwa.

Kenako dzinja linafika, monga limafikira chaka chilichonse. Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi, msewu unasanduka phala, maminibasi anazimiririka. Lole yoyamba itafika anthu anaiunjikira ngati njuchi. Mayi wina wa mwana wodwala anagwetsedwa m'madzi, lole n'kupita, iye n'kutsala. A Makina anamudzutsa.

M'mawa mwake ndinalawirira, ndipo ndinapeza a Howard ataima pafupi ndi a Makina, thumba la jekete lawo litalemera mbali imodzi.

"Mwanyamula chiyani m'thumbamo, a Howard?" anafunsa a Makina.

"Musandichititse manyazi, achimwene. Ingoikani."

A Makina anaulandira mwalawo, anautembenuza uku ndi uku nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kunena kuti ndi mwala wachitukuko ndithu. Pofika masana mzere unali utazungulira depoti. Wosesa anaika tsache pansi, n'kuikanso mwala wake, poti nayenso anali ndi ulendo. Zinakhala choncho zaka zingapo: m'chilimwe a Makina anali nkhalamba yosokoneza, m'dzinja anali bwana wa depoti.

Chaka chotsatira njala yaikulu ija a Makina anayamba kuonda. Chifuwa chinawagwira chimanga chikumera, ndipo pomwe chimangacho chinkamasula anali akuyenda mogwira zipupa. Kuchipatala anawauza kuti apite ku Blantyre. Anakana milungu itatu, mpaka akazi awo anawauza kuti akapanda kukwera awabereka kumsana anthu akuona. Anabwera m'mawa wina wa mu Malichi, kukuwaza, atagwirizira mwala wawo, n'kukauika kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa anthu makumi atatu. Mayi Hilda anasiya mandasi pamoto, anautola n'kukauika kutsogolo.

"Lamuloli munaika ndinu, alamu."

"Lamulo limanena odwala. Ine ndangotopa."

Mayi Hilda anati ngati angotopa awanyamulire beseni la ufa limene linali poteropo alifikitse pa chitofu. A Makina analiyang'ana besenilo, n'kuyang'ana manja awo. Lole itafika, a Wilson ndi a Stafford anawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, pambali pa dalaivala. Anakhala chowongoka, chipewa pamaondo, ngati munthu wolowa m'tchalitchi cha eni.

Za m'njira tinamva kwa dalaivalayo, a Noah. Akuti atangowoloka mlatho a Makina anagwira chitseko ndi manja awiri n'kupempha kuti achepetse liwiro, chifukwa Michesi akuwatsatira. Anakhala akuyang'ana phirilo mpaka linabisika, n'kunena kuti zaka zonsezi palibe wapaulendo anawauzapo kuti mapiri amayenda. Atafika mu Limbe anamulondolera dalaivala njira, ndipo sanalakwitse ngakhale pamodzi. Anangodandaula kuti anthu anawanamiza, tauniyo ndi yaing'ono, ndipo ikusowa munthu woikonza.

Anamwalira patatha masiku asanu ndi limodzi. Tinawaika m'munsi mwa Michesi, chimanga chikuyamba kuuma. Oitanira minibasi anabwera onse, ndipo ndi amene anakumba manda.

Depoti ilipo, ndipo tisanamizane, ili ndi ubwino wake. Mvula ikagwa timabisala, pali zimbudzi, mayi Hilda anapatsidwa kamalo kawo pakona. A Howard anawonjezera sitolo yachiwiri. Anthu akafunsidwa amati zinthu zinasintha, ndipo amanena zoona. Koma pamalopo pali phokoso lambiri ndipo palibe amene amakuyang'ana nkhope.

Mwezi wathawu, nthawi yokolola nandolo, ndinali ndi ulendo wa ku Limbe. Panali gogo wina wa ku Michesi, thumba lake lili pambali, mpango utayera ndi fumbi. Minibasi yoyamba inadzaza iye akudzuka. Yachiwiri anafika pakhomo, achinyamata n'kumudutsa pansi pa mkono. Yachitatu kondakitala anati thumbalo lilibe malo. Ine ndinalowa yachinayi, ndinapeza mpando wa pawindo. Gogoyo anali ataimirira panja, dzanja lili pa thumba. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti wina ayankhule, ndipo ndinaona kuti ena onse m'galimotomo akuyang'ananso uku ndi uku. Chitseko chinatsekedwa, tinanyamuka.